Chifukwa chimene ndasiyira kunyoza ochedwetsa zigamba za Linux

Mwezi wathawu ndinataya sabata ziwiri chifukwa cha mzere umodzi. Si mzere wa ku banki ayi, koma mzere wa m'fayilo ina imene anzanga ambiri a m'kalasi sanaitsegulepo chibadwire. Ndisanataye sabata zimenezo ndinali m'gulu la anthu amene amati akuluakulu oyang'anira kernel ya Linux ndi ovuta, okonda kukana, ochedwetsa ntchito za anzawo popanda chifukwa chomveka. Panopa ndatulukamo m'gulumo, ndipo ndikufuna kufotokoza chimene chandichotsa, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mutsikira panjira mukangomva mawu oti device tree.

Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yosadabwitsa: kabolodi kakang'ono ka ARM, kolumikizidwa ku TV yakale, koonetsa ndandanda ya makalasi ndi zidziwitso pakhonde. Kabolodiko kanabwera ndi kernel yakeyake yochokera kwa amene anakapanga, yakale kwambiri, yoti inasiya kalekale kulandira zigamba zotseka mipata yolowera akuba. Popeza kazikhala pa netiweki usana ndi usiku, ndinaganiza zoikamo kernel yatsopano yochokera ku gwero lenileni, imene amati mainline. Ndinadikira pakati pa usiku kuti bandulo isandithere msanga, ndinakopera, ndinamanga. Fayilo yofotokoza za bolodi ndinangotenga ya akampani aja, n'kumaikonza apa ndi apo pamene inkakana. Kabolodi kanadzuka, zilembo zinaoneka pa TV, ine n'kudzitcha katswiri. Koma nditangoyatsa pulogalamu yanga yoonetsa zithunzi, sikirini inangoti bii. Uthenga unali woti memory yasowa, pamene pa 1 GB imene kabolodiko kali nayo, yoposa theka inali yopanda kanthu.

Zingatheke bwanji kusowa malo pamalo poti theka n'lopanda kanthu? Aliyense amene anakwerapo basi ndi banja lake akudziwa yankho. Mipando yotsala ilipo, koma umodzi uli kutsogolo, iwiri pakati, wina kumbuyo kwenikweni. Ngati nonse khumi mukufuna kukhala motsatana, kondakitala akuuzani kuti malo palibe, ndipo sakunama. Memory nayo imagawidwa m'masamba, kawirikawiri a 4 KB, ndipo kompyuta ikagwira ntchito kwa kanthawi masamba opanda kanthu amakhala omwazikana chimodzimodzi. Purosesa sivutika nazo chifukwa ili ndi MMU, kachipangizo komasulira ma adiresi. Pulogalamu imaona memory yake ngati msewu umodzi wowongoka, MMU n'kumatembenuza adiresi iliyonse kuti ikafike pa tsamba lenileni, kulikonse kumene lili. MMU yomweyo ndi imene imaletsa pulogalamu ina kusuzumira mu za inzake.

Koma purosesa si yokhayo imene imalowa mu memory. Chipangizo chotumiza zithunzi ku sikirini, kamera, chip ya Wi-Fi, chotsegula mavidiyo, zonsezi zimawerenga ndi kulemba mu memory mwachindunji, osadzera kwa purosesa. Njira imeneyi amaitcha DMA. Tiwerengere limodzi: chithunzi chimodzi cha 1920 x 1080, pa mabaiti 4 kadontho kalikonse, ndi mabaiti 8,294,400, amene ndi masamba 2,025. Ngati chipangizo choonetsa zithunzi chilibe wochimasulira ma adiresi, masamba onse 2,025 ayenera kukhala motsatana, banja lonse pa mpando umodzi wautali. Womasulira wa zipangizozi ndiye IOMMU. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake: ARM amati SMMU, Samsung amati System MMU, Renesas amati IPMMU, MediaTek amati M4U, Intel amati VT-d. Ntchito ndi imodzi.

Ine zonsezi sindinkaziganizira. Ndinangoona kuti malo amene kernel imapatula kuti apezekemo masamba otsatana, otchedwa CMA, ndinali nditawasiya pa 16 MB. Zilembo zoyamba zija zinali zitatenga kale 8, ndipo pulogalamu yanga inkafuna zithunzi zina ziwiri zoti izisinthanitsa. Ndinalemba cma=128M, ndinayatsanso, zithunzi zinabwera. Ndinapita kukaitana a tekinishani a mu labu yathu, bambo wofatsa amene sachedwa kuona pamene wabera njira. Anawerenga mauthenga a kernel kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, zikuoneka bwino, koma mlonda mwamuchotsa ntchito." Ndinati, "Koma zikugwira ntchito, bwana." Iwo anangoti, "Geti losatseka nalo limagwira ntchito."

Chimene ankatanthauza n'chakuti IOMMU si yomasulira chabe, ndi mlondanso. Chipangizo chilichonse chimaloledwa kufika pa masamba okhawo amene kernel yachitsegulira, ndipo chikalumpha malire chimagwidwa. Popanda mlondayu, chipangizo cholakwitsa kapena cholandidwa ndi wakuba chikhoza kulemba paliponse mu memory, ngakhale pamene pakhala kernel yeniyeniyo. Si nthano yoopsezera ana. Mu 2017, Gal Beniamini wa gulu la Project Zero ku Google anaonetsa kuti munthu akhoza kulanda chip ya Wi-Fi ya Broadcom kudzera m'mafunde okha, kenako, pa mafoni ena a Android amene sankatchinga chipyo, n'kugwiritsa ntchito DMA kulowa mu memory ya kernel. Kabolodi kanga si foni ya nduna, ndipo IOMMU yake imalondera zoonetsa zithunzi zokha. Koma ndinali nditasintha kernel ati pofuna chitetezo, kenako n'kusiya chitetezo china chimene chinalipo kale chili chozima, osadziwa n'komwe.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lina: n'chifukwa chiyani kernel sinaone yokha kuti IOMMU ilipo? Driver yake inali momwemo, yomangidwa bwinobwino. Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa laputopu yanu ndi foni yanu. Mukalowetsa fulashi pa USB, fulashiyo imadzitchula yokha dzina. Zipangizo za PCI nazonso zimayankha zikafunsidwa. Koma zipangizo zimene zili m'kati mwa chip imodzi ya ARM sizilankhula. Zili pa adiresi inayake, zili ndi waya wake woitanira purosesa, zimadalira wotchi inayake ndi magetsi enaake, koma palibe njira yozifunsira. Wina ayenera kuiuza kernel zonsezi.

Kale zinkalembedwa m'chiyankhulo cha C, m'kati mwa kernel momwemo, bolodi iliyonse fayilo yake. Mabolodi atachuluka, mafayilowo anasefukira: ofananafanana, okoperana, ogundana nthawi iliyonse yophatikiza ntchito. Mu Marichi 2011 Linus Torvalds anapsa mtima poyera ndi chipwirikiti cha mbali ya ARM, ndipo zinthu zinayamba kusintha. Arnd Bergmann ndi Olof Johansson anatenga udindo wosefa ntchito za ARM zisanafike kwa Torvalds, ndipo njira imene Grant Likely ankailimbikitsa kale inalandiridwa, yochotsa kufotokoza kwa bolodi mu code n'kukuika m'fayilo yapadera. Njirayo sinali yatsopano. Inachokera ku Open Firmware ya kampani ya Sun, imene inakhala muyezo wa IEEE 1275 mu 1994, ndipo mbali ya PowerPC ya Linux inali ikuigwiritsa ntchito kale. Mumalemba fayilo ya .dts, pulogalamu ya dtc n'kuisandutsa .dtb, ndipo pulogalamu yodzutsa bolodi, monga U-Boot, imaipereka kwa kernel poyamba penipeni. Pofika Linux 3.7, mu Disembala 2012, zinayamba kutheka kumanga kernel imodzi yodzuka pa ma chip a ARM a makampani osiyana. Ngati muli ndi Raspberry Pi, tsegulani /proc/device-tree muone nokha. Mtengo wonse uli pamenepo, nthambi ndi nthambi.

Nthambi iliyonse imanena zinthu zochepa: compatible, kutchula kuti chipangizochi ndi cha mtundu wanji kuti driver yoyenera ichizindikire, reg, kunena adiresi yake, interrupts, kunena waya woitanira. Mgwirizano wa mawu amene ayenera kupezeka pa mtundu uliwonse wa chipangizo, ndi tanthauzo lake, umatchedwa binding. Ndipo lamulo lalikulu, limene ndinkaliona ngati kuvuta kwa akuluakulu, ndi ili: device tree ifotokoze chipangizo mmene chilili, osati zimene driver yanu ikufuna lero.

Nkhani imene inanditembenuza ndi ya driver ya SMMU ya ARM. Will Deacon anailemba, ndipo inalowa mu Linux 3.11 mu 2013. Kuti SMMU igwire ntchito iyenera kudziwa zipangizo zimene zimadzera mwa iyo, ndi nambala imene chilichonse chimadziwika nayo, yotchedwa stream ID. Binding yoyamba inaika mndandanda wonsewo pa nthambi ya SMMU, pansi pa mawu oti mmu-masters. Taganizirani za ukwati woti alendo alibe makadi, koma mlonda aliyense pa geti ali ndi kope la mayina. Pa geti limodzi ndi alendo makumi awiri zimayenda. Mageti akakhala asanu, mlendo akafika sadziwa geti lake, ndipo kuti mumuthandize muyenera kuzungulira kwa alonda onse n'kumafufuza m'makope awo. Umu ndi mmene kernel inkachitira. Inkati ikafika pa chipangizo, nthambi ya chipangizocho sinkaloza kwa mlonda wake. Ndipo pa nthawi yomweyo makampani ena ankabwera ndi njira zawozawo za ma IOMMU awo, aliyense kalembedwe kake.

Mu 2014 Thierry Reding wa ku NVIDIA analemba binding imodzi ya ma IOMMU onse, yotembenuza nkhaniyo. Tsopano mlendo ndi amene amanyamula khadi. Nthambi ya chipangizo imakhala ndi mawu oti iommus, oloza IOMMU yake pamodzi ndi manambala ochizindikiritsa, ndipo nthambi ya IOMMU imangonena kudzera mu #iommu-cells kuti manambalawo ndi angati. Kusinthaku kukuoneka kochepa, koma kunatsegula zambiri. Kernel ikangoona chipangizo imadziwiratu mlonda wake, ndipo code yochita zimenezi inalembedwa kamodzi, yothandiza ma driver onse. Inalowa mu Linux 3.19. Patsogolo pake zinathekanso kuti chipangizo chikadzuka mlonda wake asanafike, chiuzidwe kuti chidikire, chidzayesedwenso.

Koma taonani zimene zinachitikira driver ya SMMU ija. Inayamba kumva binding yatsopanoyi mu Linux 4.9, kumapeto kwa 2016, kudzera mu ntchito ya Robin Murphy wa ku ARM. Ndipo mmu-masters sanaichotse. Sakanatha, chifukwa panali patatuluka kale makina amene device tree yake inalembedwa mwa njira yakaleyo, ina itaikidwa mu firmware imene mwini makina sangaisinthe mwachisawawa. Kuichotsa kukanatanthauza kuti munthu akaika kernel yatsopano, makina amene dzulo ankayenda bwino ayamba kuchita zina. Choncho driver inayenera kumva ziyankhulo ziwiri, n'kumachenjeza aliyense wogwiritsa ntchito chakalecho kuti ndi chotha ntchito ndipo sapeza zonse zimene chatsopano chimapereka. Pambuyo pake anaikapo batani lapadera pomanga kernel, loti musankhe ngati mukufunabe njira yakaleyo, ndipo batanilo linafika mpaka m'ma kernel a 6. Mawu amene analembedwa mu 2013, ndi munthu waluso kuposa tonse a m'kalasi mwathu titaphatikizana, anthu anawasenza zaka zoposa khumi.

Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa code ndi binding. Code ya m'kati mwa kernel mukhoza kuigumula mawa n'kumanganso. Bola zotuluka zikhale zomwezo, palibe amene adandaule. Binding ikangotuluka imakhala ngati malire a munda amene mfumu yaponda anthu akuona. Ngakhale mutazindikira chaka chamawa kuti munapotoza, wina wadzala kale mitengo motsatira malirewo. Ndiye munthu woyang'anira akabweza chigamba chanu kachisanu chifukwa cha dzina la liwu limodzi, si kuti akufuna kuonetsa mphamvu. Iye ndi amene adzatsale ndi liwulo inu mutasintha ntchito, kampani yanu itasiya kugulitsa chipyo.

Sindikufuna kunamizira kuti kuchedwaku n'kwaulere. Driver ya System MMU ya ma chip a Exynos a Samsung inalowa mu kernel mu 2012. Zigamba zoiphunzitsa kuwerenga device tree zinatumizidwa, kubwezedwa, kukonzedwa, kutumizidwanso maulendo oposa khumi, zinasintha manja, ndipo ntchitoyo inamalizika mu Linux 4.2 mu 2015, Marek Szyprowski ataimanganso pa binding ya onse ija. Zaka zitatu. Pa msika wa mafoni zaka zitatu ndi mibadwo itatu. Mnzanga wina amene amagwira ganyu yokonza mafoni m'tauni anaseka nditamuuza zimenezi. Anati kampani yodikira zaka zitatu kuti akuluakulu agwirizane pa dzina la liwu ikhoza kutseka isanagulitse foni ngakhale imodzi. Akunena zoona. Injiniya wa kampani ali ndi tsiku loti katundu atuluke, ndipo bwana wake sawerenga binding. Ndiye amalemba liwu lakelake m'device tree, driver yake n'kumalimva, foni n'kutuluka. Sindingamuweruze. Inenso ndinalemba cma=128M chifukwa ndinkafuna kukagona.

Palinso chotsutsa china chimene ndimachilemekeza kwambiri. Ena amati nkhani yoti binding sisintha ndi yongolankhula, chifukwa mafayilo ambiri a .dts amakhala m'gwero la kernel momwemo ndipo amamangidwa limodzi nayo, kotero onse awiri akhoza kusinthira pamodzi popanda wovulala. Pa mabolodi ambiri izi n'zoona, ndipo zachitikapo kuti kernel yatsopano yakana device tree yakale. Koma woyang'anira sangadziwiretu kuti binding iti idzathera mu firmware ya makina a m'chipinda cha maseva, ndipo iti idzangokhala pa kabolodi ka mwana wa sukulu. Ma chip amayenda. Chipangizo chimene lero chili mu foni mawa chili mu galimoto, ndipo galimoto imakhala pamsewu zaka makumi awiri, makamaka ikafika kuno. Komanso device tree siwerengedwa ndi Linux yokha; U-Boot imaiwerenga, FreeBSD imaiwerenga. Mukaikamo zofuna za driver imodzi ya Linux, mwawalembera anzanuwo kalata m'chiyankhulo cha kwanu.

Chimene ndinachipeza m'fayilo ya akampani aja chinali chimenecho ndendende. Pa nthambi ya chipangizo choonetsa zithunzi panali liwu lawolawo lotanthauza kuti "yatsa IOMMU". Limeneli si kufotokoza chipangizo, ndi kulamula driver, ndipo driver yokhayo imene inkamva lamulolo ndi ya mu kernel yawo yakale ija. Kernel ya mainline inafika pa liwulo, sinalidziwe, inangodutsa mwakachetechete. Nthambi ya IOMMU nayo inali ndi dzina limene driver ya mainline sinkalizindikira. Panalibe cholakwika choti kernel idandaule nacho. Inangokhulupirira zimene inauzidwa, zoti chipangizochi chilibe mlonda. Injiniya amene analemba liwulo anapulumutsa mwina sabata imodzi ya nthawi yake. Ine ndinataya ziwiri, ndipo sindikukhulupirira kuti ndine ndekha amene ndinagula kabolodi kameneka.

Apa ndiye pamene ndikusiyana ndi mnzanga wokonza mafoni uja. Iye akuwerengera nthawi ya wopanga. Ine ndikuwerengera nthawi ya wogula, makamaka wogula wa mtundu wathu. Ambirife sitisintha foni chaka ndi chaka. Foni imachoka kwa achimwene kupita kwa mng'ono, kenako kwa amayi kumudzi, ndipo imagwira ntchito mpaka batire itatupa. Ambiri mwa mafoni otsika mtengo amene ali m'matumba mwathu ali ndi ma chip a MediaTek kapena Unisoc, ndipo ma driver a IOMMU a makampani onse awiriwa alipo mu mainline, ndi ma binding ake olembedwa poyera. Ntchito imeneyo ndi imene imapatsa mwayi munthu wina, zaka zingapo wopanga atasiya kusamalira foniyo, woti aikemo kernel yatsopano. Gulu la postmarketOS, limene linayamba mu 2017 ndi cholinga choti foni izitha zaka khumi, limathera nthawi yake yambiri pa zomwezi: kutenga device tree ya kampani n'kuimasulira kuti igwirizane ndi ma binding a onse. Pamene binding inalembedwa bwino, ntchito yawo imapepuka. Pamene chilichonse chinalembedwa mothamanga, foni yabwinobwino imasanduka chinyalala chifukwa palibe amene angathe kuiuza kernel yatsopano zimene zili m'katimo. Amene amagula zatsopano chaka chilichonse saona vutoli. Limagwera amene amalandira zinthu zikakalamba.

Ndinene pang'ono za ife ophunzira, chifukwa pali chizolowezi chimene ndachiona mwa ine ndi mwa anzanga. Timaphunzitsidwa kuti chofunika n'choti zioneke pa tsiku loonetsa pulojekiti. Zikayaka, wakhoza. Palibe amene amafunsa ngati zimene walemba zikunena zoona za makinawo, kapena ngati munthu wina angadzazimve chaka chamawa iwe utapita. Aliyense akufuna kupanga apu, aliyense akufuna kutchula AI m'mutu wa pulojekiti yake, ndipo sindikuwanena, ntchito zili kumeneko. Koma m'zaka zinayi sindinapatsidwepo ntchito yoti ndifotokoze chinthu molondola popanda kusakanizamo zofuna zanga, ndipo nditakumana nayo ndinapeza kuti ndi yovuta kuposa kulemba code. Kuti ulembe nthambi imodzi ya IOMMU uyenera kutsegula buku la chip, kupeza adiresi yeniyeni, kutsimikiza waya woitanira, kudziwa mawotchi amene ayenera kuyaka chipangizocho chisanakhudzidwe. Ukaphonya wotchi imodzi, bolodi imangouma pamene driver yayesa kuwerenga, osasiya ngakhale uthenga wotsanzika. Zinandichitikira kawiri, ndipo kachiwiriko magetsi anazimanso ndili pakati pofufuza, moti kwa ola lathunthu sindinkadziwa kuti wolakwa ndani.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti khomo lolowera pa ntchito imeneyi ndi lotseguka kuposa mmene timaganizira. Kale ma binding ankalembedwa ngati nkhani wamba, ndipo panalibe makina otsimikizira kuti fayilo ya .dts ikutsatira zimene zalembedwazo. Kuyambira cha mu 2019, motsogozedwa ndi Rob Herring, akhala akusandutsidwa YAML, kalembedwe kamene kompyuta ikhoza kuyeza. Mukalemba make dtbs_check, imakuuzani pamene mwaphonya: liwu losadziwika, nambala yosowa, mawotchi osakwanira. Ndikanayamba ndi lamulo limeneli, bwenzi liwu la akampani lija litagwidwa tsiku loyamba. Ntchito yosandutsa ma binding akale ndi yokonza machenjezo yakhala njira imene anthu ambiri atsopano amalowera mu kernel, ndipo sifuna seva yodula kapena labu yapamwamba. Imafuna laputopu, bandulo, ndi mtima wopirira kubwezedwa.

Pa kubwezedwapo ndiyenera kuvomereza chinthu chimodzi. Mayankho a oyang'anira ena amakhala ouma, a mawu atatu, opanda moni. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti sungayambe nkhani ndi munthu usanamufunse mmene wadzukira, zimabaya. Ndikuganiza kuti pamenepa akhoza kusintha osataya kalikonse, chifukwa munthu woyamba kumene akalandira yankho lotero nthawi zambiri sabweranso, ndipo amene amatsala ndi okhawo a khungu lolimba, osati a luso okha. Koma kuuma kwa mawu ndi nkhani ina, kukana binding yolakwika ndi nkhani ina. Ndinkazisakaniza. Ndikaona chigamba chafika ulendo wachisanu ndi chitatu ndinkati anthuwa ndi ankhanza. Tsopano ndimayamba ndawerenga chimene chinasintha pakati pa ulendo woyamba ndi wachisanu ndi chitatuwo, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti woyambawo unkafotokoza driver, womalizawo ukufotokoza chipangizo.

Kabolodi kanga ndinakakonza Lachinayi lapitali. Ndinalembanso nthambi ya IOMMU motsatira binding ya mainline, ndi compatible yoyenera, adiresi, waya woitanira, mawotchi awiri, ndi #iommu-cells = <0>, popeza IOMMU imeneyi imalondera chipangizo chimodzi chokha ndipo sifuna nambala yochisiyanitsira ndi china. Ndinafufuta liwu la akampani lija, ndipo m'malo mwake ndinalemba mzere umodzi uja, iommus, woloza nthambi yatsopanoyo. Ndinabweza CMA pa 16 MB kuti ndione ngati ndikudzinamiza. Kernel podzuka inalemba kuti chipangizo choonetsa zithunzi chaikidwa m'gulu la IOMMU, pulogalamu yanga inayaka, ndandanda ya makalasi inaoneka. A tekinishani aja anawerenga mauthengawo, anagwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndayang'ananso chotsegula mavidiyo, chimene chili ndi IOMMU yakeyake. Ndinali ndisanachiyang'ane. Nditatsegula fayiloyo madzulo ake, liwu lomwe lija linali pamenepo, ndipo make dtbs_check ikundionetsabe machenjezo ena 14 amene sindinawakhudze.